Ndimawotcherera zitsulo ku Garden: kodi ndingadzipangire mfuti yanga?

"Zikomo a loya. Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Garden kuno ku Lusaka koma kwathu ndi ku Petauke. Ntchito yanga ndi yowotcherera mageti, mafelemu a zitseko, mbaula ndi zina zotero. Masiku ano ndimaonera kwambiri mavidiyo a pa YouTube a anthu a ku America amene amapanga mfuti m'magalaja mwawo, ndipo amanena poyera kuti n'zololedwa. Ndikaiyang'ana ntchitoyo ndimaona kuti manja anga angaithe. Agogo anga aamuna anali mlenje, anali ndi gogodela, mfuti yothira onga kukamwa, imene akuti anawasulira munthu wa m'mudzi momwemo, ndipo mpaka lero ili kwa amalume kumudzi. Ine sindikufuna kupweteka munthu. Ndikufuna kuyesa luso langa, komanso kuti izikhala pashapu poti akuba atithyolera chaka chino natenga galainda ndi makebulo. Mnzanga wina akuti ndikamaliza ndingopita nayo kupolisi akailembe. Wina wanena kuti ikatheka adzafuna ndimupangire yake, adzalipira. Sindinayambe, kungoti ndasonkhanitsa tizitsulo tingapo. Kodi lamulo likuti chiyani?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Ngati tizitsulo mukunenato tikadali tizitsulo wamba ta pashapu, palibe chimene mwalakwa. Munthu amene tsiku lonse amakhala ndi chitsulo m'manja sangaone mfuti osadzifunsa kuti anaipanga bwanji, ndipo chidwi chotero si mlandu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, inu mwafunsa makina asanalire. Koma yankho lake ndi lakuti ayi. Muno m'Zambia munthu wamba saloledwa kudzipangira mfuti, kaya ndi yongopachika pakhoma, kaya ndi yolondera shapu, kaya ndi yoyesera luso. Ndifotokoza bwinobwino, chifukwa ndikangoti "ayi" n'kusiyira pomwepo, anzanu awiri aja abweranso mawa ndi nzeru zawo ndipo mudzasowa chowayankha.

Lamulo limene limayang'anira nkhaniyi ndi Firearms Act, Chaputala 110 cha malamulo a Zambia, limene linakhazikitsidwa mu 1969. Mtima wake uli m'gawo 10: palibe munthu wololedwa kugula, kulandira kapena kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi. Wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa, kapena kukakhala kundende mpaka zaka 15, kapena zonse ziwiri. Umenewo ndi mlandu wongosunga chabe, mfutiyo isanalire n'kamodzi komwe. Kupanga mfuti, kukonzera anthu mfuti ndi kugulitsa ndi ntchito zina zimene lamulo lomweli linazitsekera anthu wamba. Zimafuna chilolezo chapadera cha boma. Satifiketi ya shapu yanu ya ku PACRA, kolembetsera mabizinesi, kapena pepala la khonsolo lochitira bizinesi sizifika kumeneko. Choncho tsiku limene mungaimalize mfutiyo mudzakhala mwapalamula kawiri: mwapanga popanda chilolezo, ndipo mukusunga popanda laisensi.

Anthu ambiri amene ndakhala nawo m'maselo ndi m'makhoti pa milandu yotere amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Koma bwana, imeneyo si mfuti yeniyeni, ndi kapaipi chabe." Khoti silifunsa kuti chinthucho chinachokera ku fakitale iti, kapena ngati ndi chokongola. Limafunsa ngati chili ndi mpope umene ungatulutse chipolopolo kapena kanthu kena kotha kupha munthu. Ndikufotokozereni mmene zimakhalira. Patebulo la kutsogolo amaika chinthu chija, chadzimbiri, chomangidwa ndi waya kapena mphira, atachimangirira kapepala ka nambala ya umboni. Amabwera wapolisi wodziwa za mfuti ndi zipolopolo, n'kulumbira, n'kunena kuti anachiyeza ndipo anapeza kuti chikhoza kuwombera. Kenako woimira boma amafunsa ngati woimbidwa mlandu ali m'kaundula wa anthu okhala ndi laisensi. Akayankha kuti mulibe, mlandu wafika kale patali. Loya amatsala ndi zochepa zoti anene: kuti ndi woyamba kupalamula, ali ndi ana aang'ono, sanavutitse apolisi. Zimenezo zimachepetsako chilango, koma sizifafaniza mlandu. Mawu akuti "sindinkadziwa" nawonso sapulumutsa, pakuti gawo 7 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, limanena kuti kusadziwa lamulo si chifukwa chodzitetezera. Ndipo dziwani kuti lamulo limaona ngakhale ziwalo zikuluzikulu za mfuti, monga mpope ndi thupi limene mpopewo umalowamo. Kunena kuti "sindinailumikize" si linga lolimba monga mmene anthu amaganizira.

Tsopano nzeru ya mnzanu woyamba uja, yakuti mukamaliza mukailembetse. Imamveka yanzeru chifukwa ikuonetsa mtima wosafuna kubisa, koma laisensi siyenda choncho. Chilolezo chimayamba, mfuti imabwera pambuyo. Munthu amapempha kudzera kupolisi, amamufufuza, pempho limadutsa ku Central Firearms Registry, ofesi yosunga kaundula wa mfuti, ndipo akamuvomereza m'pamene amakatenga mfuti kwa wogulitsa wolembetsedwa kapena kwa mwini wake wakale mwa njira yosinthira umwini. Laisensiyo imalembedwa pa mfuti imodzi yodziwika: mtundu wake, kukula kwa mpope wake, nambala yake. Zili ngati white book ya galimoto, imene imayendera nambala ya chasisi ndi ya injini. Galimoto yopanda manambala, yosadziwika kumene inachokera, a RTSA, olembetsa magalimoto, sangailembe chifukwa choti mwini wake ndi munthu wabwino. Mfuti yopangira ku Garden ilibe nambala, ilibe pepala lolowera m'dziko, ilibe wogulitsa. Mukafika nayo pa kauntala ya polisi n'kunena kuti "ndapanga ndekha, ndilembereni," mwabweretsa umboni ndi manja anu, ndipo mwavomereza mlandu ndi pakamwa panu.

Nanga a pa YouTube aja akunama? Ambiri sakunama, koma akunena za kwawo. Ku United States ufulu wokhala ndi zida unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791, ndipo malamulo a boma lalikulu amalola munthu amene sanaletsedwe kukhala ndi mfuti kuti adzipangire yake yogwiritsa ntchito yekha. Akafuna kupanga zogulitsa ayenera kukhala ndi laisensi. Ngakhale kumeneko nkhaniyi ili ndi mipanda yambiri imene mavidiyo saitchula. Kuyambira 1988 kuli lamulo loletsa mfuti zimene makina ofufuzira zitsulo sangazione. Zigawo zina, monga California, zimafuna kuti mfuti yodzipangira ikhale ndi nambala. Mu 2022 boma lawo linakhwimitsa malamulo pa ziwalo zogulitsidwa m'mapaketi zoti munthu akamalizitsire kunyumba, ndipo mu 2025 khoti lawo lalikulu linagwirizana ndi boma. Malamulo aakulu a Zambia alibe ufulu wotero. Kuno kukhala ndi mfuti ndi chilolezo chimene boma limapereka, ndipo likhoza kukana kapena kulanda. Vidiyo imene mukuionera pafoni muli ku Garden imabwera ndi lamulo la ku Texas, koma wapolisi amene adzagogode pashapu adzabwera ndi Chaputala 110.

Sikuti Zambia ili yokha pa maganizo amenewa. Mu 2001 maiko a SADC anasainirana ku Blantyre pangano lothana ndi kufala kwa mfuti, ndipo limodzi mwa zimene anagwirizana ndi lakuti kupanga mfuti mosaloledwa ukhale mlandu ndiponso kuti mfuti zizikhala ndi zizindikiro zozilondolera. Ndiye musaganize kuti kuwolokera ku Mchinji kapena ku Tete kungasinthe kanthu. Ngakhale ku Japan, dziko limene mfuti ndi zosowa kwambiri, amene anapha nduna yaikulu yakale Shinzo Abe mu July 2022 anagwiritsa ntchito mfuti yopangira m'nyumba. Maboma akamva za mfuti yodzipangira saganiza za luso la manja. Amaganiza za chida chimene sichili m'buku lililonse.

Za gogodela ya agogo ndikukumvetsani kwambiri, chifukwa ife a kum'mawa ambiri tili ndi nkhani yotero m'banja. Mfuti zothira onga kukamwa zinalowa m'chigwa cha Luangwa ndi m'madera ozungulira m'zaka za m'ma 1800, zikubwera ndi amalonda ochokera kugombe ndi Achikunda a ku Zambezi, posinthana ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Zitayamba kutha, amisiri osula a m'midzi anaphunzira kuzikonza, kenako kusula zina zofanana nazo. Mlenje anali munthu wolemekezeka, wodyetsa mudzi ndi wothamangitsa njovu m'minda. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma nthawi imeneyo inapita ndi malamulo ake. Lero gogodela ndi mfuti ngati ina iliyonse pamaso pa lamulo, ndipo a Department of National Parks and Wildlife, oyang'anira nyama zakutchire, amene analowa m'malo mwa ZAWA pambuyo pa lamulo la nyama zakutchire la 2015, amazilanda kawirikawiri kwa anthu opha nyama mosaloledwa. Kuti munthu wa m'mudzi anasulira agogo anu zaka zambiri zapitazo sizikupatsani inu chilolezo chosula lero. Ndibwereranso ku gogodela imeneyi, chifukwa amalume anu ali ndi nkhani yawo.

Ndisiye kaye zamalamulo ndilankhule nanu ngati munthu wodziwa chitsulo, pakuti mbali iyi mudzaimva msanga kuposa ine. Silinda ya okosijeni imene mumadulira zitsulo imadzazidwa kufika cha m'ma 200 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu imene mpweya umakankhira chitsulo), ndipo mukudziwa mmene mumaisamalira kuti isagwe. Chipolopolo cha shotigani wamba chikaphulika, mphamvu ya mkati mwa mpope imafika cha m'ma 700 bar. Ya mfuti zikuluzikulu zosakira nyama imapitirira 3,000 bar. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pafupi ndi nkhope, dzanja lamanzere litagwira pomwepo. Mafakitale amagwiritsa ntchito zitsulo zopangidwira ntchito imeneyo, ndipo m'maiko ambiri a ku Ulaya mfuti siiloledwa kugulitsidwa isanayesedwe ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse n'kudindidwa chizindikiro. Ku Birmingham, ku England, nyumba yoyesera mfuti yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1813. Anaikhazikitsa anthu amene ntchito yawo inali yopanga mfuti, chifukwa ankadziwa kuti diso la mmisiri silingaone mng'alu wobisika mkati mwa chitsulo. Inu mukudziwa kuti geti likaweruka pamene munawotcherera mumabweranso mawa n'kukonza. Apa palibe kukonza. Chimene chimavuta kwambiri n'chakuti mfuti zoterezi nthawi zina zimalira bwino koyamba ndi kachiwiri, mwini wake n'kuyamba kuidalira, pamene chitsulo chikutopa mwakachetechete.

Ndaonapo dzanja la munthu amene zinamuchitikira. Chala chachikulu ndi cholozera panalibe, ndipo anali ndi timabala takuda kumaso kumene tizidutswa tinalowa. Anali mmisiri ngati inu, ndipo chimene chinkamupweteka mtima sichinali mlandu koma kuti sadzagwiranso chogwirira ndodo zowotcherera monga kale. Anachedwanso kupita kuchipatala chifukwa choopa kuti bala la mfuti limabweretsa apolisi, mpaka bala linayamba kuwola. Ngati wina wowerenga pano zamuchitikira kale, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena chilichonse chili pafupi. Mlandu tikhoza kuulimbana nawo pambuyo, dzanja lowola amadula.

Mfuti zosindikiza pa makina a 3D, amene amaumba zinthu ndi pulasitiki, nazo n'chimodzimodzi. Mu 2013, pamene mfuti yoyamba yapulasitiki yotere inatchuka pa intaneti, apolisi a ku New South Wales ku Australia anasindikiza zawo kuti ayese, ndipo ina inaphulika poiwombera. Pamaso pa lamulo lathu, pulasitiki ndi chitsulo sizisiyana ngati chinthucho chikuwombera. Kuitanitsa ziwalo za mfuti kuchokera kunja popanda chilolezo ndi mlandu winanso, ndipo katundu amadutsa m'manja mwa a ZRA, a za misonkho, kaya pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ku Chirundu kapena ku Nakonde, dzina lanu ndi nambala yanu ya foni zili pa phukusi.

Tibwere kwa akuba. Kuberedwa galainda ndi makebulo kwa munthu wodya za manja ake ndi nkhani yaikulu, ndipo sindikuichepetsa. Koma taganizirani mmene mfutiyo ingakuthandizireni. Akuba amabwera usiku inu muli kunyumba. Mfuti ili pashapu. Chimene chidzachitike n'chakuti adzaitenga pamodzi ndi galainda yatsopano, ndipo simudzatha kukanena kupolisi kuti yabedwa, chifukwa simunayenere kukhala nayo. Kuyambira usiku umenewo chida chopangidwa ndi manja anu chikuyenda m'makomboni, ndipo amisiri amadziwana kawotcheredwe. Tinene kuti mwagona pashapu pomwepo ndipo mwawombera munthu. Lamulo limalola kudziteteza ndi kuteteza katundu, koma ndi mphamvu yoyenerana ndi choopsa chimene chilipo. Kuwombera mnyamata amene akuthawa ndi kebulo kumsana si kudziteteza, ndipo akafa mudzayankha mlandu wakupha. Ngakhale khoti litavomereza kuti moyo wanu unali pangozi, mlandu wa mfutiyo umakhalapobe pawokha. Ndiye pali ana a ntchito amene amaphunzira pashapu panu, ndi ana a m'nyumba zoyandikana amene amabwera kudzatola tizidutswa ta zitsulo. Mfuti zodzipangira kawirikawiri zilibe chotsekera chodalirika, zina zimalira zikangogwa.

Koma mwa zonse zimene mwalemba, chimene chandidetsa nkhawa ndi mnzanu wachiwiri uja, wakuti adzalipira. Pamenepo m'pamene nkhani yoyesera luso imasanduka ina. Dzifunseni kuti munthu wofuna mfuti yopanda nambala, amene sakufuna kudutsa kupolisi, akuifunira chiyani. Mwina ndi wabwinobwino. Koma mfuti ikachoka m'manja mwanu simudziwa kuti ikagona kuti, ndipo amene waigula akhoza kubwereketsa kwa mlamu wake, mlamuyo kwa anzake a kumowa. Ikakagwiritsidwa ntchito pobera munthu, umenewo ndi mlandu wa aggravated robbery, kutanthauza kuba moopseza ndi chida, gawo 294 la Penal Code. Chilango chake chotsikitsitsa ndi zaka 15. Kale, ngati panali mfuti, chilango chinali imfa. Chilango cha imfa chinachotsedwa mu December 2022 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina kusintha kwa lamuloli, koma m'malo mwake muli kukhala m'ndende moyo wonse. Mlanduwu ulibenso belo: munthu amadikirira ali mkati, ku Kamwala Remand kapena ku Chimbokaila, mpaka khoti lalikulu litamaliza, ndipo zimenezo zimatenga nthawi.

Mudzati, "Koma ine sindinapite nawo kukaba." Penal Code, m'magawo 21 ndi 22, imati wothandiza kuti mlandu uchitike, kapena wogwirizana ndi ena pa cholinga choipa, amayankha ngati wochita mlanduwo. N'zoona kuti boma liyenera kuonetsa kuti munkadziwa kapena munkafuna kuthandiza, ndipo loya wabwino adzalimbana nazo. Koma taonani pamene mudzaimirire. Anyamata akagwidwa funso loyamba limakhala lakuti "mfuti munaitenga kuti?" ndipo dzina la wopanga limatuluka msanga, chifukwa aliyense amafuna kupeputsa katundu wake. Apolisi adzabwera pashapu, adzapeza zotsalira, adzatenga foni yanu n'kuona mauthenga a pa WhatsApp ndi ndalama zimene zinalowa pa mobile money. Mudzayenera kufotokozera woweruza kuti munagulitsa mfuti mobisa kwa munthu wopanda laisensi koma simunaganizepo kuti angachite nayo choipa. Ine ndaimirirapo anthu pa malo amenewo, ndipo si malo abwino oyambira. Mnzanuyo muuzeni mosapita m'mbali kuti simupanga, ndipo musachite naye nthabwala za nkhaniyi pa foni. Nthabwala ikawerengedwa m'khoti ndi munthu wovala yunifolomu siimvekanso ngati nthabwala.

Nanga mungachite chiyani? Ngati mukuona kuti mukufunikadi mfuti, njira yake ilipo ndipo ndi yotseguka kwa wowotcherera monga mmene ilili kwa mwini famu wa ku Chisamba. Zaka zanu zapitirira 21 zimene lamulo limafuna. Yambirani pa polisi ya m'dera lanu. Adzafuna kudziwa chifukwa chake, mbiri yanu, ngati mukudziwa kugwira mfuti, ndi malo otetezeka amene mudzaisungire. Akakuvomerezani mumagula kwa wogulitsa wolembetsedwa, laisensi n'kutuluka kudzera ku khonsolo, ndipo imafuna kuikonzanso pakatha zaka zitatu. Zimatenga nthawi, zimafuna ndalama, ndipo akhoza kukana. Mitengo ndi mafomu zimasintha, choncho kafunseni komweko, osati kwa munthu wa pabala amene akuti ali ndi m'bale wake ku likulu la polisi. Wina akakuuzani kuti mumupatse kenakake akufulumizitsireni, mwayamba mlandu wina wa ziphuphu. Kunena zoona, pa vuto la galainda ndi makebulo ine sindikuona kuti mfuti, ngakhale yalaisensi, ndi mankhwala ake. Ndalama zimenezo zingagwire ntchito yabwino pa zimene inu nomwe mumapangira anthu ena: bokosi lachitsulo lomangirira pansi losungiramo zida, chitseko cholimba, nyale ya sola yosadalira magetsi a ZESCO, ndi kusonkherana ndi amisiri anzanu a mumsewumo kuti mulembe mlonda mmodzi. Lembani manambala a makina anu ndi kuwadinda chizindikiro chanu, kuti akapezeka pamsika muthe kuwalozera. Ndipo kuba kulikonse muzikakunena kupolisi, ngakhale mukuona ngati sikuthandiza, chifukwa mapepala amenewo ndi amene adzaonetse kuti vuto lanu ndi lenileni tsiku limene mudzapemphe laisensi.

Za luso, ndikuona kuti chimene chikukukokani m'mavidiyo aja si kulira kwa mfuti koma ntchito yosalala, yoyezedwa bwino, ziwalo zolowana popanda kugwedera. Ntchito imeneyo ili ndi dzina, ndi ya fitting and machining, ndipo imaphunzitsidwa m'makoleji olembetsedwa ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuno ku Lusaka ndi ku NORTEC ku Ndola. Munthu wodziwa makina a lefu (lathe) ndi ena osemera zitsulo sasowa ntchito m'dziko limene zigayo, mapampu a madzi ndi mathirakitala zimaima miyezi kudikira kachitsulo kamodzi kochokera kunja. Makina opukusira chimanga, oswera mtedza, ofinyira mafuta a mpendadzuwa, zonsezi alimi a kwanu ku Petauke amazifuna. Chenjezo limodzi lokha: musapange zidole zachitsulo zofanana kwambiri ndi mfuti. Wapolisi usiku sadzakhala ndi nthawi yoyeza, ndipo wakuba akaopseza nacho munthu chidzabwereranso kwa inu. Mfuti za mpweya nazo musangogula pamsika, yambani mwafunsa kupolisi ngati mtundu umenewo ukufuna laisensi.

Tizitsulo mwasonkhanitsato, ngati ndi mapaipi ndi zidutswa zimene simunazisinthe, zibwezereni pa mulu wa ntchito zikakhale mageti. Ngati pali kena kamene munayamba kale kukasema kuti kakhale chiwalo cha mfuti, kapena ngati wina anakupatsani chipolopolo ngakhale chimodzi choti mudzayesere, pamenepo musachite nokha. Chipolopolo chimodzi chopanda laisensi ndi mlandu pachokha. Musachitaye m'ngalande kapena m'dzala mmene ana amasewera, ndipo musayende nacho m'minibasi kupita kutauni. Onanani ndi loya poyamba kuti akonze zokachipereka kupolisi mwadongosolo, ndipo mukapereka mulandire pepala losonyeza kuti mwapereka.

Chimodzimodzi gogodela ya kwa amalume. Funsani ngati ili ndi kabuku ka laisensi, ndipo kali m'dzina la yani. Laisensi ya agogo inathera pa agogo, siitsikira kwa mwana kapena mphwake ngati munda. Ngati palibe pepala lililonse, amalume akusunga mlandu padenga osadziwa. Musaitenge kubwera nayo ku Lusaka ngati chikumbutso: pa Great East Road pali malo ofufuzira, pa mlatho wa Luangwa pomwe, ndipo amene adzapezeke nayo m'chikwama ndi inu. Musayesenso kuiwombera kapena kuichokocha, chifukwa mfuti zakale zotere zina zinasiyidwa zili ndi onga mkati. Njira yabwino ndi yakuti amalume apite ndi a mfumu kapena nduna yawo kukafotokoza kupolisi yapafupi, mfutiyo itatsala kunyumba, kuti apolisi anene okha mmene aitengere. Boma nthawi ndi nthawi limalengeza nyengo yopereka mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu, ndipo bungwe la African Union linasankha September kuyambira 2017 kukhala mwezi wolimbikitsa zimenezi. Koma chikhululukiro chotero chimagwira ntchito pokhapokha boma lathu litachilengeza, choncho tsimikizirani kaye musanadalire. Kum'mawa kuliponso bungwe la COMACO, limene kuyambira 2003 lakhala likugwira ntchito ndi alenje akale a m'chigwa cha Luangwa amene amapereka mfuti ndi misampha yawo n'kuyamba ulimi, kotero kupereka mfuti si chinthu chachilendo kumeneko.

Loya mumufune msanga ngati apolisi abwera kudzafufuza pashapu, ngati akuitanani kuti mukapereke sitetimenti, kapena ngati mnzanu uja wagwidwa ndi kanthu ndipo dzina lanu latchulidwa. Muli ndi ufulu wokhala chete mpaka loya atafika, ndipo musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena limene sanakumasulireni m'chinenero chimene mumamva bwino. Musakanize apolisi kugwira ntchito yawo, musathawe, ndipo musafufute mauthenga m'foni mutamva kuti akukufunani, chifukwa zimenezo zimaoneka ngati kubisa umboni. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Board, ali ndi ofesi kuno ku Lusaka ndiponso ku Chipata, kumene amalume angafikeko mosavuta kusiyana ndi kubwera kuno.